Amayi amadziwa kuwerenga, nanga n'chifukwa chiyani akusokoneza mankhwala?

Mmodzi mwa inu wanditumizira imelo. Akuti amayi ake, a zaka 74, amamwa mankhwala a BP ndi a shuga. Amawerenga bwinobwino, koma iye wapeza kuti mapiritsi ena atha tsiku lisanakwane pomwe ena adakali ambiri. Akufunsa ngati kumeneku n'kuiwala kobwera ndi ukalamba.

Musafulumire kuwaganizira zimenezo amayi anuwo. Kuwerenga mawu ndi kwina, kudziwa chochita ndi kwinanso. Mu 2006 ku America kunasindikizidwa kafukufuku wa malangizo akuti munthu amwe mapiritsi awiri kawiri patsiku. Mwa odwala amene ankavutika kuwerenga, pafupifupi 71 mwa 100 aliwonse anafotokoza malangizowo molondola. Atauzidwa kuti aike padera mapiritsi a tsiku limodzi, ndi 35 okha amene anakhoza.

Ngakhale wodziwa kuwerenga amakodwa. Taganizani za "1 x 3". Kodi ndi piritsi limodzi katatu, kapena atatu kamodzi? Wolembayo amadziwa, koma wakumwayo ali yekha kunyumba. Zilembo za pa kapepala ka m'bokosi n'zazing'ono kwambiri, pomwe maso a munthu wamkulu, makamaka ngati ayamba ng'ala, saonanso pafupi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi ichi. Okalamba ambiri amazindikira mankhwala awo ndi mtundu wa piritsi, osati dzina. Tsiku lina akapatsidwa mankhwala omwewo opangidwa ndi kampani ina, mtundu wasintha, iwo amaganiza kuti ndi atsopano, n'kumamwa onse awiri. Amlodipine, mankhwala a BP, alipo wa 5 mg ndi wa 10 mg, ndipo wozolowera kumwa awiri a 5 mg akapitiriza kumwa awiri atapatsidwa a 10 mg, ndiye kuti wawirikiza. Impso ndi chiwindi za munthu wokalamba zimachedwa kuchotsa mankhwala m'thupi, choncho kulakwitsa kotere kungabweretse chizungulire ndi kugwa. Kwa mankhwala a shuga monga glibenclamide, shuga angatsike mpaka munthu kukomoka.

Ndiye musawafunse kuti "Mwamva?" Ambiri timangovomera. Khalani nawo pansi modekha, muwauze kuti, "Amayi, tandionetsani amene mumwe mawa kuyambira m'mawa mpaka usiku." Pamenepo mudzaona pomwe pakusokonekera, popanda kuwachititsa manyazi.

Kenako longedzani mankhwala onse, ndi amene anagula okha monga paracetamol, mupite nawo kwa dokotala kapena ku famase pamodzi ndi amayiwo. Akakuuzani nthawi yeniyeni ya piritsi lililonse, mulembe pa pepala limodzi ndi zilembo zikuluzikulu: dzina, ntchito yake, ola lomwera. Kabokosi kogawa mapiritsi a sabata yonse kamathandizanso.

Zikapitirira mutachita zonsezi, kapena mukaona kuti akuiwalanso zinthu zina za tsiku ndi tsiku, mukawafotokozere adokotala kuti awapime.