Funsani Tiyankhe: Namondwe wa ku Cape Town ndi Freddy ndi amodzi?

FUNSO: Achimwene, mlongo wanga ali ku Cape Town, July akangofika amatumiza mavidiyo pa WhatsApp a chimphepo chikuzula mitengo, mvula yosaleka, akuti ndi namondwe. Ndiye namondwe amabwera bwanji nthawi yozizira? Paja nthawi ya Freddy tinkamva kuti amafuna nyanja yotentha. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti nkhani yake ndi condensation, eti mitambo ikamapangika imatulutsa kutentha, koma mtambo wozizirawo ungatenthe bwanji?
Mayi wa ku Chilobwe

YANKHO: Mayi, mwana wanuyo sananame, akumva zakusukulu ameneyo. Ndipo funso ili likachokera ku Chilobwe sindingaliyankhe mwachibwana, tonse tikudziwa zomwe phiri la Soche linachita mu March 2023.

Tiyambire kukhitchini. Madzi a nsima akamawira inu nkuvundukula poto, nthunzi ija ikakupezani pamkono imawotcha kuposa madzi owirawo. Chifukwa chake nchakuti madzi kuti asanduke nthunzi amameza kutentha kwambiri, ndiye nthunziyo ikabwereranso kukhala madzi pakhungu panu, kutentha konse kuja imakutulirani pompo, ndipo kubwereranso kukhala madzi kumeneku ndiye condensation. Kumwamba zimachitika zomwezo. Kilogalamu imodzi ya nthunzi ikasanduka timadontho ta mtambo imatulutsa ma kilojoule (muyeso wa mphamvu ya kutentha) pafupifupi 2,500, pomwe kutenthetsa madzi omwewo kuchoka pa 0 kufika pa 100 digiri kumangofuna 420 basi.

Mtambo ndi wozizira ndithu, koma mpweya wa mkati mwake ndi wofundirako poyerekeza ndi wa m'mbali mwake, ndipo nkhani yonse yagona pamenepa. Mpweya wouma ukamakwera umazizira pafupifupi 10 digiri pa kilomita iliyonse, koma ukayamba kupanga mtambo umangozizira mwina 5 kapena 6, ndiye umakhala wopepuka kuposa unzake, umangokwerabe osaima, pansi presha (kulemera kwa mpweya) nkutsika, mphepo nkuthamangira pomwepo itanyamula chinyezi china, chinyezicho nkukweranso, basi zinthu nkumangokula.

Freddy ankakhalira zimenezi zokha. Anamondwe amtundu wake amafuna nyanja yofunda 26 digiri kupita m'mwamba, akalowa kumtunda amayamba kufooka, ngakhale mvula yake ndiye imatha kutsala ikuwononga monga tinaonera.

Wa ku Cape Town ndi mtundu wina. Blantyre ili pafupi ndi 16 digiri kummwera kwa equator, Cape Town pa 34, ndipo pakati pa 30 ndi 60 mpamene mpweya wozizira wochokera cha ku Antarctica umakumana ndi wofunda wochokera kuno. Wozizira ngolemera umalowa pansi, wofunda umakwera pamwamba pake, dziko likamazungulira zonse zimayamba kupota. Mphamvu yake yoyamba ndi kusiyana kwa kutentha kumeneku, osati nyanja yotentha, nchifukwa chake amavuta June mpaka August pomwe chigawo cha anamondwewa chimasunthira kumpoto nkufika ku Cape. Anthu a ku Bergen ku Norway, makamaka Jacob Bjerknes mu 1919, ndi amene anayamba kulongosola bwino za malire a mpweya wozizira ndi wofunda aja timamva kuti cold front.

Ndiye condensation ikulowa pati? Siyambitsa namondweyu, koma ndi imene imamukulitsa mwachangu. Kutsogolo kwa cold front kumakhala chimzere chachitali cha mpweya wofunda wachinyezi, akatswiri amati warm conveyor belt, chimanyamuka pamwamba pa nyanja nkukwera makilomita angapo m'masiku awiri okha, njira yonseyo chikupanga mitambo ndi kutulutsa kutentha kuja. Presha pakati pa namondwe imagwa msanga, mphepo imalimba, ndipo mpweya ukafika kumwamba umakankha jet stream, mphepo yamphamvu yothamanga kumwamba kwambiri, nkuikhotetsa, zomwe zimasinthanso nyengo ya kutsogolo komwe namondweyo sanafike nkomwe. Presha ikagwa ndi ma hectopascal 24 (muyeso wa presha) m'maola 24 amamutcha bomb cyclone, muyeso umenewu anaukhazikitsa Fred Sanders ndi John Gyakum mu 1980, ndipo ambiri otere amabadwira pa madzi ofunda a Gulf Stream kufupi ndi America ndi a Kuroshio ku Japan. South Africa nayo ili ndi madzi ake ofunda a Agulhas, amene amadutsa cha ku Durban. Mvula inapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal mu April 2022 inabwera ndi cut-off low, presha yotsika yomwe inapatuka kwa anzake nkumangomwa chinyezi cha nyanja imeneyo.

Ine chomwe chimandidetsa nkhawa nchakuti mpweya ukafunda ndi digiri imodzi umatha kusunga chinyezi choonjezera pafupifupi 7 peresenti. Dziko likutenthali, ndiye kuti namondwe wamtundu uliwonse, wa Freddy kaya wa ku Cape, akhala ndi madzi ambiri oti akhuthule, ndipo ife omanga m'mphepete mwa Soche ndi Ndirande tisamaone ngati za kutali.

Mlongo wanuyo akadzatumizanso vidiyo, muzayang'ane kumwamba masiku otsatirawo. Nthawi zambiri cold front ikadutsa South Africa, kumbuyo kwake kumabwera presha yokwera imene imakankhira mpweya wozizira wachinyezi kuchokera kunyanja ya Mozambique kulowa kuno, ukagunda mapiri a Mulanje ndi Thyolo nkukwera, basi chiperoni chayamba, zovala pachingwe osauma, kunyanja asodzi akulimbana ndi mwera.