"Abale akuti ndinamukhwimira mwana wanga": yankho kwa mayi wa ku Chiputula

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chiputula, kuno ku Mzuzu. Anandilola kuyankha poyera bola ndisatchule dzina. Ndaifupikitsa, koma mawu ndi awo:

"Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 6. Amayankhula mawu ochepa, nthawi zambiri amangobwereza zomwe wamva pa wailesi. Ukamuitana satembenuka, koma wina akamatsegula pepala la bisiketi kuchipinda amathamangirako. Amandandalika zitsekerero za mabotolo pakhonde mpaka dzuwa kulowa, wina akasuntha chimodzi pamakhala maliro. Kutchalitchi akangoyatsa zokuzira mawu amatseka makutu n'kumakuwa, ndiye ndinasiya kupita naye. Ine ndimagulitsa kaunjika, ndipo poti bizinesi ikuyendako, apongozi ndi alamu anga akuti ndinamukhwimira. Mnzanga wina akuti ndi autism, wina akuti ndi katemera. Kodi ndinalakwa chiyani? Ndizimusunga m'nyumba kapena ndimutumize kusukulu?"

Mayi, ndiyambe ndi funso lomwe likukusowetsani tulo. Simunalakwe kanthu. Kaunjika wanu akuyenda chifukwa mumalawirira kumsika mu June chifunga chitatchinga njira, anzanu akadali m'bulangete. Mwana wanu sanalipirepo kalikonse pa ndalama zimenezo. Ndikudziwa kuti mawu oti "anamukhwimira" amalasa mtima, makamaka akachokera kuchimuna kumene munkayembekezera kuti akugwirani mkono. Ndipo mwina mwaona kale kuti mlandu woterewu kawirikawiri umagwera mayi.

Si kuno kokha. Mu 1943 dokotala wa ku America, Leo Kanner, analemba za ana 11 omwe ankawaona pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore, ndipo lipoti lakelo ndi lomwe linatchukitsa dzina la autism. Kwa zaka zoposa 20 zotsatira, akatswiri ambiri kumeneko ankaphunzitsa kuti ana otere amaonongedwa ndi amayi ouma mtima, ozizira ngati firiji. Amayi ambirimbiri anakalamba akudziimba mlandu. Kenako kafukufuku wa ana amapasa, kuyambira wa ku Britain wa mu 1977, anaonetsa kuti autism imayenda kwambiri m'magazi, ndipo ubongo umayamba kukula mwanjira imeneyi mwana akadali m'mimba. Magaziwo akhoza kukhala a kuchimuna, a kuchikazi kapena onse awiri, ndipo palibe amene anasankha. Iwo ankanamizira mtima wa mayi, ife timanamizira chizimba, koma chala chimaloza munthu yemweyo.

Za katemera nazo zili ndi gwero lake. Mu 1998 dokotala wa ku Britain, Andrew Wakefield, anasindikiza m'magazini ya zachipatala ya The Lancet nkhani ya ana 12, yokayikitsa anthu za katemera woteteza chikuku ndi matenda ena awiri. Pambuyo pake zinadziwika kuti munali chinyengo. Mu 2010 magaziniyo inaichotsa nkhaniyo, iye n'kulandidwa chilolezo cha udokotala. Ku Denmark anatsatira ana oposa 650,000, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2019 sizinapeze mgwirizano uliwonse pakati pa katemerayu ndi autism. Chomwe chimasokoneza makolo ndi nthawi: katemera wachiwiri wa chikuku kusikelo amaperekedwa mwana ali ndi miyezi 15, msinkhu womwewo umene kholo limayamba kuona kuti mwana sakuloza zinthu ndi chala kapena mawu akuchedwa. Ngati pali mng'ono wake, musamudumphitse katemera.

Mwana sayezedwa pa imelo, ndipo ine si dokotala. Komabe zomwe mwafotokozazi zikufanana kwambiri ndi autism, ndipo mnzanu uja sanakusocheretseni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanenapo kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 aliwonse ali ndi autism. Ndiye kuti pa sukulu ya ana 1,000 tiyembekezere ana pafupifupi 10. Alipo ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Mchengautuwa, ku Luwinga. Sitiwaona chifukwa ambiri ali kuseri kwa zitseko, kumene inunso mukuganiza zomusunga wanu.

Taganizirani muli mu depoti, oitanira minibasi akukuwa, mawailesi akulira mbali zonse, koma mukumvabe zomwe mnzanu akukuuzani. Ubongo wanu ukusefa phokosolo, zosafunika ukuziika kumbuyo. Kwa ana ambiri a autism sefa imeneyi sigwira chimodzimodzi. Kiyibodi, ng'oma, kulira kwa khanda la pabenchi yakumbuyo, fungo la mafuta odzola a mayi woyandikana naye, msoko wa malaya ukukanda pakhosi, zonsezi zimamufikira nthawi imodzi ndi mphamvu imodzi. Zokuzira mawu zikayatsidwa, kwa iye zili ngati wina wamulowetsa mutu m'chigayo. Akatseka makutu akudziteteza. Zitsekerero zija ndi malo amodzi m'dziko lake momwe zinthu zimakhala pomwe waziika, n'chifukwa chake kusuntha chimodzi kumamupweteka chotero.

Pa intaneti mukumana ndi mawu oti neurodiversity ndi neurodivergent. Mawu oyambawo anatchuka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mwa zina kudzera mwa Judy Singer wa ku Australia ndi anthu a autism eni ake omwe anayamba kulemberana pa intaneti. Tanthauzo lake n'lakuti ubongo wa anthu sunaumbidwe pa chikombole chimodzi. Muli autism, muli ADHD ya ana omwe timawatcha opulupudza ndi osakhazikika, muli dyslexia ya ana omwe zilembo zimawavuta ngakhale ali ndi nzeru. Ine mawuwa ndimawakonda, koma sindifuna kuti abise zoona: ana ena amadzafuna wowathandiza moyo wawo wonse, ndipo kutopa kwanu n'kwenikweni. Chomwe mawuwa anandisintha ndi funso. Kale ndinkafunsa kuti mwanayu timuwongole bwanji. Pano ndimayamba ndafunsa kuti pamalo pano chikumupweteka n'chiyani, ndipo ife tingasinthe chiyani.

Ndinaphunzira zimenezi mochedwa. Ndinaphunzitsapo Sitandade 3 pa sukulu ina mumzinda uno, kalasi ya ana opitirira 100. Munali mnyamata yemwe ndikawerenga nthano kamodzi ankaibwereza yonse pamtima, osasiya kanthu, koma ndikamupatsa buku ankangoyang'ana tsamba thukuta lili kamukamu. Ndinkati ndi ulesi. Ndinamukumbitsa dzenje la zinyalala kangapo, ndinamuimiritsa kutsogolo anzake akuseka. Chaka chotsatira sanabwererenso. Patapita zaka ndinamva za dyslexia, ndipo nkhope yoyamba kundibwerera m'maso inali yake. Zimandiwawa mpaka lero. Mnyamata uja anachotsedwa sukulu ndi umbuli wanga.

Tsono chochita. Pitani naye kuchipatala, muyambire ku Mapale kapena ku Central, ndipo mupemphe kuti amuyeze makutu ngakhale akumva pepala la bisiketi, chifukwa mwana akhoza kumva mitundu ina ya mawu n'kumaphonya ina. Muwauze ngati anadwalapo malungo aakulu okomola, ngati anachedwa kulira pobadwa, ndiponso ngati amagwa kapena kungoti duu kwa kanthawi osayankha. Khunyu imapezeka kawirikawiri mwa ana a autism, ndipo iyo ili ndi mankhwala. Kuno ku Mzuzu tilinso ndi mwayi womwe maboma ambiri alibe: a Saint John of God amagwira ntchito ndi ana omwe kakulidwe kawo kakuchedwa kapena n'kosiyana ndi ka anzawo, pamodzi ndi makolo awo. Ndikudziwa kuti ena akangomva dzina limeneli amaganiza za misala. Autism si misala, ndiponso wodwala maganizo naye si munthu womuchitira manyazi. Pitani masana, mutu uli m'mwamba.

Palibe mankhwala ochotsa autism, a kuchipatala kapena a zitsamba. Wina akakulonjezani zimenezo akufuna ndalama za kaunjika wanu. Pemphero ndilibe nalo vuto, inenso ndimapemphera, koma pemphero lomanga mwana zingwe, lomusalitsa chakudya, kapena lomuzungulira anthu khumi akumukuwira m'khutu kuti chiwanda chituluke ndi nkhanza. Kwa mwana woopa phokoso ngati wanuyu n'chizunzo chenicheni. Mphini nazonso ayi.

Chomwe chimathandiza n'chotsika mtengo koma chimafuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulani kope. Akakuwa kapena kudzigwetsa, lembani nthawi, malo ndi zomwe zinachitika atatsala pang'ono kuyamba. Pakatha masabata awiri mudzayamba kuona njira yake: mwina ndi njala, mwina ndi alendo obwera mosayembekezeka, mwina munadzera njira ina popita kugolosale. Muzisiyanitsanso kuvuta kwa mwana wofuna switi, komwe kumatha akangoilandira, ndi kusefukira kwa mwana yemwe zamuchulukira ngati phala pamoto. Wosefukira sakumva ulaliki kapena chikwapu. Mutengereni pamalo pabata, chepetsani mawu, dikirani. Muzimuuziratu zomwe zikubwera, m'mawu ochepa omwewomwewo tsiku lililonse: "Tisamba, kenako phala." Jambulani pa foni kapu, chimbudzi, mbale, nsapato, kuti azikulozerani pamene mawu akumukanika. Mawu a pa wailesi omwe amabwerezawo musamuletse, ana ambiri amalowera pamenepo pophunzira kuyankhula, ndipo mukamvetsera bwino mupeza kuti chiganizo china amachinena nthawi zonse akafuna chinthu chinachake. Madzulo ena khalani naye pakhonde, mutenge zitsekerero zanuzanu, muyale mzere wanu pambali pa wake. Musamuphunzitse kanthu tsiku loyamba. Kuwerenga manambala ndi mitundu kudzabwera kudzera momwemo.

Kusukulu apite. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, ndipo lamulo la 2012, lomwe linalowedwa m'malo ndi latsopano mu 2024, linaletsa kale kukaniza mwana maphunziro chifukwa cha ulumali. Tili ndi aphunzitsi ophunzitsidwa mwapadera ku Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, ndipo sukulu zina za boma zili ndi chipinda chomwe amati resource centre. Kaonaneni ndi ahedi mwana asanayambe, mufunse komwe kuli mphunzitsi wotere pafupi nanu. Mukakanizidwa pitani kwa a PEA, alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale za m'zoni yanu. Sindikunamizani, makalasi athu ndi odzaza ndipo mphunzitsi amakhala atatopa kale. Koma zina sizifuna ndalama: akhale kutsogolo chakukhomo, aloledwe kutuluka phokoso likamukulira, ayambe ndi maola awiri okha, asamenyedwe chifukwa chosayang'ana aphunzitsi m'maso.

Apa ndisiye kaye kuyankhula ndi inu, mayi, chifukwa katundu yense tikumuunjika pamutu panu pamene wina ndi wathu. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma mwambiwu umathera pomwe mwana wayamba kukupiza manja ndi kulira mosiyana ndi anzake. Pamenepo timaitana ana athu kuti alowe m'nyumba. Mayi uyu anasiya kutchalitchi, ndipo ndikufuna kudziwa ngati pali wa Umanyano, wa Mvano kapena wa mphakati amene anapita kukamufunsa chifukwa chake. Akulu ampingo, kutsitsa zokuzira mawu pang'ono sikuchepetsa ulemerero wa Mulungu, ndipo agogo ambiri adzakuthokozani. Ikani benchi imodzi chakukhomo kapena panja pamthunzi kuti mayi atha kutuluka ndi kulowa popanda maso onse kumutsatira. Mwana akakuwa pakati pa ulaliki, mbusa akangonena kuti "musadandaule mayi, mwanayo ndi wathu," mpingo wonse umaphunzira tsiku lomwelo. Aphunzitsi a Sande sukulu, ana anzake auzeni zoona m'mawu osavuta, kuti mnzawoyu makutu ake amamva kwambiri ndipo mawu akubwera pang'onopang'ono. Ana amamvetsa msanga kuposa ife. Mawu oti chitsiru, chidzete, wozerezeka amawatola pakamwa pathu. Ndipo inu oyandikana nawo nyumba, kumutenga mwanayu ola limodzi Loweruka kuti mayi ake agoneko ndi thandizo lalikulu kuposa malangizo onse omwe mumamupatsa pampopi.

Ndibwerere kwa inu. M'kalata yanu simunatchule bambo a mwanayu. Ngati alipo, apite nanu kuchipatala akamve okha, chifukwa kwa apongozi mawu a mwana wawo amalemera kuposa anu. Zikakanika, itanani ankhoswe, nkhani ya kukhwimayi ikambidwe pabwalo, isamangoyenda m'makhitchini. Funsaninso za PODCAM, bungwe la makolo a ana aulumali, ndipo mukakumana ndi mayi wina pamzere wa kuchipatala yemwe mwana wake akutseka makutu, mutenge nambala yake.

Chomaliza n'chofulumira kuposa zonsezi. Ana ambiri a autism amatuluka pakhomo mwakachetechete, saopa galimoto, ndipo madzi amawakoka. Kwanu kuno kuli madambo ndi zitsime zosatseka, msewu nawo suli patali. Musadikire tsiku loti wasowa. Sabata ino mutengeni mukamuonetse kwa anyamata a sacramento (a kabaza) a pa siteji yanu, kwa mwini golosale ndi kwa amayi ogulitsa tomato pamphambano. Muwauze kuti akamuitana sayankha, kuti asamuthamangitse kapena kumukuwira, amuyandikire pang'onopang'ono n'kukuimbirani. Nambala yanu muisokere mkati mwa juzi yake. Tsiku lopita kuchipatala musaiwale buku la kusikelo ndi kope lija, ndipo mukabwerako mundilembere zomwe akuuzani.