Apolisi atenga agalu ndi vani ya mlongo wanu: lamulo likuti chiyani?

Imelo yanu ndinaiwerenga katatu, chemwali. Mukuti apolisi ku England anaimitsa mlongo wanu ali ndi tiana ta galu tisanu m'vani, tianato anatenga, vaninso sanabweze, ndiye mukufunsa ngati lamulo limawalola. Ndikuyankhani, koma ndiyambe ndi zanga, chifukwa funso lanuli latokosa bala lomwe ndinkayesa linapola.

Ineyo apolisi ananditengerapo galu, komweko ku England. Linali tsiku ladzuwa koma losatentha kwenikweni, ndipo ndinamusiya m'galimoto, windo nditalitsitsa pang'ono, ndikuti ndingolowa n'kutuluka. Mzere unali wautali, ndinakhalitsa mpaka kupitirira theka la ola. Potuluka ndinapeza anthu atazungulira galimoto yanga, galasi lili mbwee pansi, wapolisi wamkazi atagwada akuthira madzi galu wanga, lilime lili panja, dovu lili chuchuchu, miyendo ikukana kuima. Ndinakalipa. Ndinakalipira galasi, chemwali, galu akufa pamaso panga. Mayiyo sanandibwezere mawu. Anangoti galuyu akupita kwa dokotala wa ziweto ndipo ine sindimutenga.

Usiku umenewo sindinaone tulo. Mmawa dokotala anandifotokozera zomwe ndinkayenera kudziwa ndisanawete n'komwe galu. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma kwa wefuwefu kuja, ndiye mpweya wa m'galimoto ukatentha alibe pothawira. Thupi lake limayenera kukhala pa madigiri 38 kapena 39, likadutsa 41 ziwalo za m'kati zimayamba kuwonongeka. Bungwe loteteza ziweto la RSPCA limachenjeza kuti kunja kukakhala madigiri 22, m'galimoto mungafike 47 pa ola limodzi. Galu wanga anapulumuka ndipo anandibwezera, koma kwa miyezi ingapo ankanjenjemera ndikangotsegula chitseko cha galimoto.

N'chifukwa chake mawu anu akuti "anangomulanda ngati akuba" sindikuwavomera. Chiweto sichingaimbe foni, sichingakadandaule kukhoti. Lamulo la Animal Welfare Act la 2006, lomwe limagwira ntchito ku England ndi Wales, pa gawo 18 limalola wapolisi kutenga chiweto dokotala akatsimikiza kuti chikuzunzika kapena chizunzika zinthu zikapanda kusintha, ndipo ngati kudikira dokotala sikungatheke, wapolisi amatenga osadikira. Ine ndikuti zili bwino choncho. Akanadikira kuti ndivomere ineyo, ndikanakwirira galu tsiku lomwelo.

Ndipo si zachilendo ayi. Lamulo lakale la Protection of Animals Act la 1911 linkalola kale wapolisi amene wagwira munthu wozunza chiweto kuti atenge chiwetocho ndi chokweracho n'kuzisunga mpaka mlandu utatha. Nthawi imeneyo katundu wambiri ankayenda pa ngolo zokokedwa ndi akavalo. Ukagwira woyendetsa, kavalo wazilonda sungamusiye pamsewu ali chimangire kungolo. Ndimawaganizira kwambiri akavalo amenewo, okoka malasha tsiku lonse msana uli zilonda zokhazokha.

Chinanso chondiwawa ndi malonda a tiana ta galu. Kuyambira mu 2020, ku England n'koletsedwa kuchita malonda ogulitsa kamwana ka galu kosakwana miyezi isanu ndi umodzi ngati sunakaswetse wekha. Sindikuti mlongo wanu ankachita zimenezo, koma mumufunse mosabisa komwe tianato tinachokera ndi komwe tinkapita, chifukwa apolisi amufunsa zomwezo. Chilango cha nkhanza kwa ziweto anachikweza mu 2021, kuchoka pa miyezi isanu ndi umodzi kufika zaka zisanu kundende. Asazitenge mwachibwana.

Nanga vaniyo?

Apa pokha ndili mbali yanu. Gawo 54 la Animal Welfare Act limalola wapolisi wovala yunifomu kuimitsa galimoto ndi kuisunga kwa nthawi yokwanira kuisecha, basi. Kuisunga kupitirira apo kumafuna chifukwa china, monga kuti ndi umboni pansi pa Police and Criminal Evidence Act ya 1984, ndipo lamulo lomwelo limati asasunge chinthu ngati chithunzi chake chingakwanire pa umboniwo. Munthu amene amadyera vaniyo sayenera kukhala masabata osauzidwa kanthu.

Mlongo wanu alembere apolisiwo kufunsa lamulo ndi gawo lomwe asungira vaniyo, atenge nambala ya mlandu ndi mndandanda wa zomwe anatenga. Akakana kubweza, angathe kukapempha kukhoti la majisitireti pansi pa Police (Property) Act ya 1897. Za agalu, gawo 20 la Animal Welfare Act limapatsa khoti lomwelo mphamvu yolamula kuti abwezedwe, aperekedwe kwa wina kapena agulitsidwe, ndipo mwini wake ali ndi ufulu wopempha ndi womvedwa. Khoti lingamulipiritsenso ndalama zowasamalira. Akamufunsa kuti asainire zopereka agaluwo kwa a RSPCA, asasaine asanaonane ndi loya, chifukwa akasaina si akenso.