Ku Chicago mupite, koma osati mu Disembala

Sabata yatha mayi wina ananditumizira imelo, akuti akupita kukaona achemwali awo ku South Bend ku Indiana, kuja kwadzaza a Malawi kuja, ndiye akufunsa ngati kuli phindu kupatula masiku awiri kukaona Chicago, komanso ngati apite Disembala kapena adikire Julayi. Anatchulanso nkhani ya umbanda mumzindawo.

Amayi, pitani ndithu, koma ngati tikiti simunagule sankhani Julayi. Chisanu cha ku Chicago si cha ku Dedza ayi, mu Disembala ndi Januwale kumatsika pansi pa 0 ndipo mphepo yochokera kunyanja ya Michigan imalowa mpaka m'mafupa, m'mbali mwa nyanja madzi amachita kuundana. Ndiye chomwe mwapitira chenichenicho, nyanja ndi mtsinje, simungachimve kukoma mutadzikutira ngati mtolo wa kaunjika.

Ulendo wake siwovuta. Kwerani sitima ya South Shore Line pa bwalo la ndege la South Bend, ikakutulani pa Millennium Station pakati penipeni pa tauni. Samalani nthawi, Chicago ili ola limodzi m'mbuyo kuyerekeza ndi South Bend, ambiri amasokonezeka pobwerera. Mukatuluka pa siteshoni mwafika kale ku Millennium Park komwe kuli chinyemba chachitsulo chonyezimira chija aliyense amajambulitsapo, dzina lake ndi Cloud Gate koma onse amangoti the Bean. Ulere. Jambulani mudzipita.

Nyanja ya Michigan ndiye nkhani. Kukula kwake ndi pafupifupi kawiri nyanja yathu ya Malawi, tsidya simuliona, madzi ake opanda mchere ndipo mzinda wonse wa anthu pafupifupi 2.7 miliyoni umamwa omwewo. Chimene chimandisangalatsa ine nchakuti gombe lambiri silinatsekedwe ndi mipanda ya mahotela, pali kanjira ka oyenda pansi ndi njinga ka makilomita pafupifupi 29, munthu umangoyenda uku nyanja uku nyumba zosanja zofika kumitambo. Kusambira kumaloledwa kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka kuchiyambi kwa Seputembala, koma musayembekeze madzi ofunda a ku Senga Bay, ngakhale mu Julayi amakudzidzimutsa, ndipo usipa musaufunse nkomwe kkk.

Ngati muli ndi ndalama ya chinthu chimodzi chokha, lipirani boti loyenda mu mtsinje wa Chicago lomwe amafotokoza za nyumbazo. Mukamva za moto wa 1871 womwe unapsereza chigawo chachikulu cha mzinda nkuyambanso kumanga mwatsopano, ndiponso kuti mu 1900 anatembenuza mtsinjewo kuti uziyenda chobwerera chifukwa unkathira zonyansa m'nyanja yomwe amamwa. Kutembenuza mtsinje amayi, ine mpaka pano zimandizunguza mutu. Nyumba yosanja yaitali kwambiri ya Willis Tower ili ndi timabokosi tagalasi pa nsanjika ya 103 tomwe umaima nkumaona msewu pansi pa mapazi ako, nzabwino koma mzere wake ndi mtengo wake, ine ndimasankha boti. Muli ndi ana? Lincoln Park Zoo salipiritsa.

Zakudya, lawani deep dish pizza, ndiyokhuthala ngati chigumu ndipo imatenga nthawi kupsa ndiye musaitanitse njala itakupanani kale, imodzi mukhuta anthu atatu. Mtengo mukuona pa menyu siwomaliza, amaonjezera msonkho kenako tipu ya woperekera chakudya pafupifupi 20 peresenti, musadzati akuberani.

Za umbanda zomwe munatchula, zilipo, makamaka m'madera ena a kummwera ndi kumadzulo kwa mzinda, koma malo ndatchulawa masana kumakhala anthu piringupiringu. Gulani khadi ya Ventra yokwerera basi ndi sitima za m'tauni, foni muisunge bwino, usiku musamangoyendayenda kumalo simukukudziwa. Ndipo ngati tikiti ya Disembala munagula kale, bwerekani jekete, magolovesi ndi chipewa kwa achemwali anuwo, zomwe mungachoke nazo kumudzi sizikwana.