Gofu wa ku Sun City: lipirani kamodzi, koma musankhe bwalo

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma ndinati ndiyankhe kukacha. Mwati kuntchito akukutumizani ku msonkhano ku Sun City, ku South Africa, mu Novembala, muli ndi tsiku limodzi lopuma, ndipo mutasintha mtengo wolowera pabwalo la Gary Player kukhala makwacha mutu unakuzungulirani. Mwatinso gofu munayamba chaka chatha ndipo handicap yanu (nambala yoonetsa luso la wosewera, imatsika luso likamakwera) ili pa 26. Ndiye mukufunsa ngati ndalamayo ikuyenera.

Ine ndikuti sewerani, koma kamodzi kokha, ndipo osati pa Gary Player. Lowani pa bwalo linalo, la Lost City. Ndikudziwa kuti ena m'gulu muno andikalipira, poti munthu ukafika kumeneko mtima umafuna bwalo lomwe timaonera pa TV lija. Imvani kaye chifukwa chake.

Ku Sun City kuli mabwalo awiri, ndipo onse anawajambula ndi Gary Player mwini wake, katswiri wa gofu wa ku South Africa. Lalikululo linatsegulidwa mu 1979, ndipo ndi pomwe pamachitikira Nedbank Golf Challenge, mpikisano umene unayamba mu 1981 ukutchedwa Million Dollar Challenge. Nick Price wa ku Zimbabwe anaupambana katatu, Ernie Els nayenso katatu. Bwalo limenelo analikonzera anthu ngati amenewo. Mukayambira pa ma tee (malo oyambira kumenya mpira) akumbuyo kwenikweni, kutalika kwake kumapitirira mamita 7,000. M'mbali mwa fairway (njira ya udzu wometedwa yolowera kudzenje) muli kapinga wa kikuyu wokhuthala, woti mpira ukalowamo umangomira, ndipo ukati uumenye udzuwo umagwira ndodo ngati munthu wakukoka dzanja. Mukadutsa kapingayo ndi tchire la minga basi.

Tsono dzifunseni kuti ndalama yambiri chotere mukugula nayo chiyani. Si dzina lokha ayi. Mukugula udzu. Fairway yometedwa bwino moti mpira umakhala pamwamba ngati wina wachita kuuika ndi dzanja, mchenga wa m'maenje aja otchedwa ma bunker wosalazidwa m'mawa uliwonse, ndipo koposa zonse ma green, malo osalala aja pomwe pali dzenje. Ine ndinasewerapo zaka zingapo zapitazo, kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 muja, ndipo putt yanga yoyamba (kukankha mpira pa green kuti ulowe m'dzenje) sindidzaiwala. Kuno kwathu ku Mzuzu, makamaka m'mawa wa mu Juni nkhungu itakuta tauni yonse ndipo mame ali mbuu, tinazolowera kuukankha mpira ndi mphamvu kuti ufike padzenje. Ndinamenya momwemo. Kampira kanadutsa dzenje, kanapitirira, kanatsetsereka pang'onopang'ono ine ndikukayang'ana, mpaka kanatuluka pa green n'kukaima kutali kuposa pomwe ndinayambira. Caddie, wondinyamulira ndodo, anangoyang'ana kumbali kubisa kuseka, kenaka anati ndizingoukhudza basi. Kuyambira pamenepo ndinayamba kumva chimene anthu amalipirira. Mpira ukuyenda mzere womwe wauona, osadumphadumpha, n'kukagwera m'dzenje ndi kaphokoso kake kaja. Chimenecho n'chokoma zedi, sindinama.

Koma vuto lili apa. Kuti mumve kukoma kwa udzuwo, mpira wanu uyenera kumakhala pa udzuwo. Munthu wa handicap 26 pa bwalo la par 72 (lomwe katswiri amamaliza atamenya ka 72), tsiku labwino amamaliza atamenya ka 98 kapena cha pomwepo, ndipo pamenepo ndi pabwalo lomwe analizolowera. Pa Gary Player muyembekezere kupitirira 110. Theka la tsiku mudzalithera m'tchire mukusuzumira pansi pa zitsamba, ndipo kumbukirani kuti kuyambira 2019 lamulo limangopereka mphindi zitatu zofunira mpira, osati zisanu ngati kale. Kumbuyo kwanu kudzakhala anthu anayi atagwira m'chiuno akukudikirani. Ine nthawi imeneyo ndinali pa 14, koma ndinataya mipira isanu ndi iwiri, itatu mwa iyo m'madzi a pa dzenje la 9, pomwe green yake yazunguliridwa ndi madzi ndipo munthu umadzinamiza kuti uwoloka. Mlandu unali wanga, caddie anandiuza kuti ndiseweretse chamfupi ine n'kukana. Mwambo wakale wa bwalo limenelo unali woyenda pansi ndi caddie, ndiye mukayenda pansi onjezani dzuwa la mu Novembala pa maola anayi kapena asanu. Ife a ku Mzuzu tinazolowera kamphepo, kutentha kwa kumeneko kuli ngati kwa ku Karonga.

Lost City inatsegulidwa mu 1993 ndipo ambiri amavomereza kuti ndi bwalo lokhululukako. Malo ogwetsapo mpira ndi otakasuka, anthu amayenda pa tigalimoto ta gofu tija, ndipo maso amadya: miyala, mapiri a Pilanesberg chapafupi, mbalame. Dzenje la 13 ndi par 3 yomwe pakati pa tee ndi green pali dziwe la ng'ona zenizeni. Mpira ukagweramo mungoutsanzika. Nkhani yodzatiuza ku kalabu mukabwera mudzakhala nayo, ndipo mudzamaliza muli ndi mphamvu zoti n'kukadya chakudya chamadzulo ndi anzanu a kumsonkhano. Chinthu chimodzi chokha: yambirani pa ma tee akutsogolo. Palibe amene adzakulembeni m'nyuzipepala chifukwa mwayambira kumbuyo.

Za ndalama. Mtengo mwauona pa intaneti uja si wonse. Ikanipo wa caddie ngati mutenge, ndi kangachepe komuthokoza pamapeto, chakudya cha pakati mukamaliza maenje 9, ndi ndodo. Pa ndodo ndikuti bwerekani komweko. Kunyamula chikwama cha gofu kuchoka kuno, kudutsa nacho Chikangawa mpaka ku bwalo la ndege ku Lumbadzi, kukangana za kulemera kwa katundu, kenaka ulendo wina wa maola awiri ndi kanthu kuchoka ku Johannesburg, zonsezo chifukwa cha masewero amodzi, n'kudzizunza. Tengani nsapato zanu, glove yanu, ndi mipira yambiri yakale. Gulani kwa anyamata otola mipira kuno kwathu. Mipira yatsopano ya mu shopu ya pa bwalo lotere ndi yomwe imapweteka thumba mwakachetechete, ndipo ng'ona sizisiyanitsa yatsopano ndi yakale. Pitaninso kubanki nthawi ikadalipo mukafunse ngati khadi lanu lidzagwire ntchito kunjako komanso malire ake, poti nkhani ya forex tonse tikuidziwa. Si zabwino kukaima pa kauntala makina akukana anthu ali pamzere.

Musanalipire, alembereni ndipo muwafunse zinthu zingapo mosapita m'mbali. Choyamba ndipo chachikulu: kodi ma green sakuwaboola sabata imeneyo? Mabwalo abwino onse amatero nthawi ndi nthawi, amaboola timaenje tambirimbiri pa green n'kuthira mchenga kuti mizu ipume. Ndi ntchito yofunika, koma kwa masabata angapo mpira umangojowajowa ngati uli pamsewu wa fumbi. Zinandichitikira pa bwalo lina la pamalo ochezera alendo, dzina ndilisunge. Ndinalipira mtengo wonse, kufika pa green yoyamba ndikupeza mchenga wokhawokha, ndipo ku ofesi palibe anandiuza kanthu. Ukatero ndiye kuti wagula nsomba n'kupatsidwa minga. Funsaninso za Nedbank, chifukwa kawirikawiri imachitika chakumapeto kwa chaka, ndiye masiku oyandikira mpikisanowo kapezekedwe ka malo kamasintha. Ngati mukugona mu hotela za momwemo nenani, poti malo otere nthawi zambiri amakhala ndi mtengo wina wa alendo awo. Tengani kalata kapena umboni wa handicap yanu kuchokera kwa akuluakulu a kalabu yathu. Ndipo pemphani nthawi ya m'mawa. Nyengo imeneyo kumeneko mvula ya mabingu imakonda kubwera masana, ndipo ziphaliwali zikayamba amakutulutsani pabwalo, kaya muli pa dzenje la 11 kaya la 17. Malaya a kolala musaiwale, jinzi isiyeni ku chipinda.

Pali kanthu kena komwe ndingakonde muchite musanaganize zonsezi. Bwalo lathu lino ndi la maenje 9, timazungulira kawiri kuti akwane 18, ndiye mtengo uliwonse timaudziwa ndi dzina. Handicap yopezeka pabwalo lozolowera imanamiza. Popeza ndege mukakwerera ku Lilongwe, tsikani tsiku limodzi msanga mukasewere pa Lilongwe Golf Club, pomwe pali maenje 18 osiyana. Mukamaliza osapitirira 105 ndipo mipira yotayika isapose itatu, ndiye kuti ndakunyozani pachabe, kayeseni Gary Player ndipo ndidzapepesa m'gulu muno. Zikakuvutani pamenepo, mwadziyankha nokha pa mtengo wochepa.

Ndipo poti tadziwana kalekale ndinene ichi. Ngati ndalamayi ikuchoka pa alawansi yomwe ikanathera pa nsapato ndi mafuta onunkhira pa bwalo la ndege la OR Tambo, lipirani ndi mtima woyera. Koma ngati ikukhudza fizi ya ana ya mu Januwale kapena feteleza wa kumudzi, bwalo silithawa. Lakhalapo kuyambira 1979. Mungathe kungopita pa driving range yawo, pomwe anthu amayeserera kumenya, ndi ndowa imodzi ya mipira, n'kupempha kuyesa ma putt angapo pa green yophunzirira, mumve m'manja mwanu zomwe ndikunenazi. Ndalama yotsalayo mudzapatse mphunzitsi akukonzereni slice ija, kukhota kwa mpira wanu kuja, yomwe tonse tinaiona Loweruka lapitali ikulowera kumitengo.

Loweruka likubwerali ndidzakhala pa kalabu cha m'ma 7 koloko m'mawa. Bwerani ndi putter yanu tidzayeserere pa simenti ya pakhonde, chifukwa liwiro lake ndi lomwe likufananako ndi la kumeneko. Ndili ndi mipira yakale 12 m'galimoto, mudzatenge yonse.