Ufulu kapena maufulu? Pangano kapena mgwirizano?

Funso: Ndimamasulira zikalata zokhudza ufulu wa anthu. Mkulu wina wandidzudzula kuti mawu akuti "maufulu" ndi Chichewa chopotoka, chifukwa ufulu suwerengeka. Kodi ndiwasiye?

Yankho: Musawasiye, koma muziwagwiritsa ntchito mosamala. Dzina lakuti ufulu lili m'gulu la U-Ma, limodzi ndi uta, ulendo ndi ukwati. Ngati timanena mauta, maulendo ndi maukwati, malamulo a chiyankhulo sangatiletse kunena maufulu. Komabe mkuluyo sanalakwe kwenikweni. Ufulu poyamba unali mkhalidwe wa mfulu, munthu amene si kapolo, ndipo mkhalidwe sauwerenga ndi zala. Masiku ano mawuwa asenza katundu wina: akuimiranso chinthu chimodzichimodzi chimene munthu ayenera kukhala nacho, monga ufulu wokhala ndi moyo, wopembedza, wolankhula zakukhosi. Zimenezi zimawerengeka. Choncho mukamanena za mkhalidwe, lembani "anthu akufuna ufulu". Mukamatchula zingapo zolembedwa, lembani "maufulu atatu awa". Chimene chimandiwawa khutu ndi "maufulu wathu". Mwachulukitsa dzina, chulukitsaninso agwirizanitsi: maufulu athu.

Funso: Pa wailesi ndimamva ena akuti pangano la mayiko, ena mgwirizano wa mayiko, enanso chikalata. Kodi zonsezi n'chimodzi?

Yankho: Ayi, ndipo apa m'pamene omasulira ambiri amasokoneza omvera. Chikalata ndi pepala chabe; chingakhale cha pangano, cha malo kapena cha ukwati. Mgwirizano ndi kumvana, ndipo anthu angagwirizane popanda wina kumangika. Pangano ndilo limamanga. N'chifukwa chake timati "waswa pangano", ndipo woswayo amakhala ndi mlandu.

Taonani mmene zinayendera ku United Nations. Pa 10 Disembala 1948, mumzinda wa Paris, msonkhano waukulu wa bungweli unavomereza chikalata cha mfundo 30 za ufulu wachibadwidwe. Mayiko 48 anavota kuti inde, 8 sanavote mbali iliyonse, ndipo palibe limene linakana. Koma chikalatacho chinali cholengeza mfundo, osati lamulo lomanga dziko lililonse. Kuchitcha pangano n'kuchiveka malaya osakhala ake. Ine ndimati "chikalata cholengeza ufulu wachibadwidwe", ndipo ndimakhutira nazo.

Mapangano enieni anabwera m'chaka cha 1966, awiri nthawi imodzi. Lina ndi la ufulu wa munthu monga nzika komanso pa ndale, linalo ndi la ufulu pa zachuma, zachikhalidwe ndi umoyo wa anthu. Chifukwa cholembera mapanganowa chinali chomwecho: kuti zimene zinangolengezedwa mu 1948 zikhale zomanga. Womasulira akatcha zonse zitatu "mgwirizano", wowerenga sangadziwe chifukwa chake mayiko anavutikiranso zaka 18.

Pangano la mayiko a mu Africa, limene linavomerezedwa ku Nairobi mu 1981 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1986, lili ndi kamsampha kake. Limakamba za ufulu wa munthu payekha komanso wa anthu monga gulu. Mukalemba "ufulu wa anthu ndi anthu" mwaseketsa owerenga. Nenani "ufulu wa munthu ndi wa mitundu ya anthu".

Funso: Nkhani ina inati dziko "lasaina" pangano, ina inati "lavomereza". Si kubwereza mawu kumeneku?

Yankho: Ndi masitepe awiri osiyana. Kusaina kumasonyeza kuti boma likugwirizana ndi cholinga cha panganolo ndipo likuganiza zolowamo. Kuvomereza kumabwera pambuyo, dziko likatsata njira za malamulo ake, nthawi zambiri kudzera ku nyumba ya malamulo, n'kupereka chikalata chotsimikiza kuti lamangika. Popeza mawu akuti kuvomereza timawagwiritsa ntchito paliponse, ngakhale povomera moni, ndi bwino kuwonjezera kuti "kuvomereza mwalamulo". Ena amati "kutsimikiza pangano", ndipo sindikuwatsutsa.

Kusiyanaku si kwa m'kalasi chabe. Dziko la United States linasaina pangano la ufulu wa ana la mu 1989 m'chaka cha 1995, koma silinalivomereze mwalamulo. Mtolankhani wolemba kuti dzikolo "linalowa m'panganoli" walemba bodza, ngakhale sanafune kunama. Palinso sitepe yachitatu: kuyamba kugwira ntchito. Mapangano awiri a mu 1966 aja anadikira mpaka mayiko 35 atawavomereza mwalamulo, ndiye anayamba kugwira ntchito mu 1976.

Funso: Tilembe "ufulu wa chibadwidwe" kapena "ufulu wachibadwidwe"?

Yankho: Zonse ziwiri mudzaziona m'mabuku. Ine ndimatsata njira iyi: "wa" akamasonyeza mwini, ndimamulekanitsa, monga ufulu wa ana, ufulu wa amayi. Akamafotokoza mtundu wa chinthu, ndimamuphatikiza. Chibadwidwe si mwini wa ufuluwo, chikungotiuza kuti ndi ufulu umene munthu amabadwa nawo. Choncho ndimalemba "ufulu wachibadwidwe wa ana", woyamba wophatikiza, wachiwiri wolekanitsa.