Simbi ya nthunzi: yankho kwa mayi a ku Kamwendo

Mayi ena a ku Kamwendo kuno ku Mchinji andilembera imelo kuti simbi ziwiri zawapsera chaka chino chokha, ndiye akufuna ya nthunzi yoti ipirire mayunifomu a ana ndi malaya a bambo a kunyumba. Mayi, mwandigunda pachilonda.

Ine ndinakulira pa simbi ya makala, ija ya tambala pamwamba. Lamlungu madzulo agogo ankatikhazika pakhonde, wina akukupiza moto, wina akuwaza madzi pa malaya ndi zala. Kaphulusa kakangogwera pa kolala yoyera, basi kuchapa kwayambiranso. Koma simbiyo ilipo mpaka lero, ndipo magetsi akazima Lolemba m'mamawa imatipulumutsa ndi yomweyo. Agogo sankasita pofuna kutchena ayi, ankaopa mphutsi. Ntchentche ija imaikira mazira pa zovala zonyowa zoyanika panja, makamaka m'dzinja, kenaka kamphutsi kamaboola khungu n'kutupa ngati chithupsa. Moto wa simbi ndi umene umapha mazirawo. N'chifukwa chake matewera ndi zam'kati zomwe zinkasitidwa kuwiri konse. Ana a masiku ano ukawauza zimenezi amangoseka, akuti zam'kati amaona ndani.

Tsono ndinene mosapsatira: simbi zambiri sizifa zokha, timazipha ndife. Madzi a pamjigo ambiri amakhala ndi mchere womwe umauma n'kutseka timabowo ta nthunzi. Mukaona simbi yayamba kulavula zamatope pa malaya oyera, vuto ndi limenelo. Thirani madzi a mvula osefa bwino, kapena sakanizani a pamjigowo ndi aja othira m'batire la galimoto, osati asidi chonde. Chachiwiri ndi ma extension otchipa a pamsika. Simbi ya mawati 2,000 simasewera, kachingwe kopyapyala kamatentha mpaka kusungunuka. Ilowe pa soketi ya pakhoma basi. Magetsi athu ndi a mavoti 230, choncho simbi yomwe m'bale wakutumizirani kuchokera ku America, ya mavoti 120, ipsa tsiku lomwelo. Za ku Johannesburg zilibe vuto, kungoti pulagi yake ndi ya mano obulungira. Isintheni, muike yathu ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya 13 amp, m'malo motokosa soketi ndi chivindikiro cha cholembera monga amachitira neba wanga. Ndipo amene muli ndi kasola ka pakhomo kowunikira ndi kutchaja foni, simbi musaiyandikize n'komwe.

Nanga mugule iti?

Ya mawati pakati pa 1,600 ndi 2,000 ikukwanirani. Pansi pake pakhale pa stainless steel kapena ceramic, chifukwa utoto wakuda uja wa pansi pa simbi zina umakandika ndi mazipi. Chingwe chikhale chokutidwa ndi nsalu, ndipo batani lodzitsuka lolembedwa self clean likhalepo. Dzina liwerengeni bwino, Philips yeniyeni ili ndi L mmodzi. Auzeni ayiyatse m'sitolo momwemo, mudikire mpaka kanyali kazime kokha, ndiye kuti thermostat, kachipangizo koletsa simbi kutentha mopyola muyeso, ikugwira ntchito. Lisiti musasiye. Nthunzi imatuluka bwino mukaika kopotokola kosinthira kutentha pa timadontho titatu, pa zitenje ndi thonje. Yunifomu ya poliyesita itsitsireni pa kamodzi kapena tiwiri. Mukamaliza kusita khuthulani madzi otsala, simbiyo muiimike chilili.